Majini a Yotamu

Loya wake anali kamnyamata ka tayi yofiira,
nsapato zili mbuu ndi fumbi la pa depoti ya Ntcheu.
Anaimirira nati: Wolemekezeka,
bambo a mkuluyu anafera m'ndende ku Zomba,
agogo ake anathyola munthu nthiti pa gule wa ngoma.
Ophunzira za thupi akuti ukali wina
umayenda m'magazi ngati mphuno ndi msinkhu.
Pachizungu amati ma jini.

Azakhali a Elube, pa benchi yakumbuyo, anandikanda ntchafu:
Wamva? Majini!
Si ndinkanena ine kuti mwanayu tipite naye kumapemphero?

Ndinafuna kuseka. Sindinaseke.
Lefani anali pomwepo,
mkono womwe unkasenza matumba a kachewere pa Tsangano
ukulendewera ngati sokosi pa chingwe.
Batani la malaya amam'mangira ndi mkazi wake.
Mkanganowo unali wa thumba limodzi losadzaza.

Woweruza anavula mandala, nawapukuta nthawi yaitali.
Magazi, anatero, sindingawatsekere m'selo.
Pano paima munthu, ndipo chikwanje nachi pa tebulo.
Zaka zisanu ndi ziwiri.
Anayang'ananso pepala la loya uja
nachotsapo chimodzi.

Mu minibasi ndinakhala chete mpaka pa Mlangeni.
Ine ndi Yotamu tinayamwa bere limodzi,
mpata wa mano wa bambo tonse tili nawo.
Ngati chinthucho chili m'magazi
ndiye kuti ndakwera nacho,
ndalipira mpando umodzi tili awiri.

Ndipo ndimachidziwa.
Usiku uja bambo a Hastoni atagulitsa feteleza n'kumwera,
mpeni wosendera kachewere unali m'dzanja langa,
moto unakwera kuchokera m'chiuno mpaka m'makutu,
nyumba yonse inafiira.
Ndinatuluka.
Ndinakabaya nthochi ya kuseri kwa bafa,
kasanu, kakhumi, mpaka madzi ake ananyowetsa chitenje.
Nthochiyo inauma. Palibe anandisumira.

Anandigwira dzanja ndani?
Magazi omwewo?
Kapena amayi, amene bambo akayamba kuvula lamba
ankandithawitsira kwa amalume ku Biriwiri,
Yotamu n'kutsala, poti mwamuna,
kuwerenga mikwapulo ali pansi pa bedi?
Izi loya sananene. Sanatifunse.

Ife a kachewere timadziwa kuti mbewu ili ndi mawu ake.
Komatu ya m'thumba limodzi
ina umaidzala pamtunda, ina pachinyontho,
ndipo chiwawu chimadziwa koyambira.
Zonsezi sizibwezera Lefani mkono.

Dzana Hastoni wagenda mnzake pachipumi chifukwa cha mpira wa mapepala.
Pa mjigo ayamba kale kunong'ona:
watengera kwa amalume ake, mtundu wake ndi womwewo,
make mbuu, mwana mbuu.
Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi
koma am'weruza kale, popanda loya.

Ndinathyola kamtengo ka pichesi. Ndinakataya.
Tinapita limodzi kukapepesa, iye atanyamula nkhuku,
ikum'kanda pamimba njira yonse.
Pobwerera ndinamuonetsa chitsa cha nthochi ija.
Kukatentha m'makutu, ndinati, tuluka panja.
Thamanga mpaka pa mlatho. Ukabwere utazizira.
Anandifunsa ngati inenso kumanditentha.
Ndinati eya.

Lamlungu ndinakaona Yotamu, sopo ndi shuga m'jumbo.
Am'meta mpala, wafanana ndi bambo mochititsa mantha.
Anakanikiza chipumi pa waya:
Achemwali, zoona ndinabadwa choncho?

Woyang'anira ndende anali atayamba kugogoda ndodo.
Ndinati, unabadwa ndi chikwanje chakuthwa, mwina.
Inenso.
Koma pa Tsangano paja unali ndi miyendo.

Sanayankhe.
Anangofunsa ngati mbewu ya kudimba yamera.